Kodi maphunziro a kuwerenga mwaliwiro ndi oyenera kuwalipira?

Maseko wa ku Ulóngwè

Ndikupereka moni kwa akuluakulu ndi anzanga nonse. Ine ndine wophunzira wa chaka chachiwiri m'maphunziro a zaulimi kuno ku Ulóngwè, m'boma la Angónia, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu iwiri tsopano. Popeza safunsa adadya phula, ndaona kuti ndi bwino ndifunse ndisanatulutse ndalama.

Chigawo chino cha maphunziro aphunzitsi atipatsa zowerenga zochuluka kwambiri, moti mulu wa mafotokopi umene uli patebulo panga watalika kuposa kapu imene ndimamwera tiyi. Pafupifupi zonse ndi za m'Chipwitikizi, ndipo zina zochepa ndi za m'Chingelezi. Kwathu timalankhula Chichewa, Chipwitikizi ndinachiyamba nditalowa sukulu, ndipo ngakhale ndimachilankhula bwino ndithu, tsamba limodzi la phunziro la nthaka limanditengera mphindi 5 kapena 6, mwinanso ndikafika m'munsi mwa tsamba ndimapeza kuti zimene zinali pamwamba zauluka kale.

Masiku apitawa ndinaona chilengezo pa Facebook cha maphunziro a kuwerenga mwaliwiro amene akuwatcha leitura dinâmica m'Chipwitikizi, ophunzitsidwa pa WhatsApp kwa milungu itatu pa mtengo wa meticais 1,500. Akulonjeza kuti munthu akamaliza amatha kuwerenga mawu oposa 1,000 pa mphindi imodzi, ndiponso kuti buku la masamba 200 angalimalize madzulo amodzi popanda kutaya kalikonse ka m'bukumo. Malinga ndi zimene alemba, chinsinsi chake n'kusiya kutchula mawu chamumtima, kusiya kubwerera m'mbuyo pa zimene wadutsa kale, ndiponso kuphunzitsa diso kuona mzere wonse nthawi imodzi uku chala chikutsogolera.

Ndalama imeneyi ine ndilibe. Kuti ipezeke ndiye kuti mayi anga agulitse mbatatesi imene anasungira mbewu, ndipo sindikufuna kuwapempha zimenezi pa chinthu chimene sindikuchidziwa bwino. Kodi alipo pakati panu amene anaphunzirapo zimenezi? Kodi n'zoona kuti munthu angachulukitse liwiro lake kanayi kapena kasanu, kumvetsa kwake n'kukhalabe chimodzimodzi?

Mbewe, mphunzitsi wopuma, Dómuè

Mwana wanga Maseko, wachita bwino kufunsa mbatatesi ya amayi ako isanapite kumsika. Ndinaphunzitsa Chipwitikizi kwa zaka zambiri, ndipo chilengezo chamtunduwu si chachilendo kwa ine, kungoti kale chinkabwera papepala pomwe lero chikubwera pafoni. Ndikuyankha motalika pang'ono chifukwa yankho lalifupi, loti usalipire, silingakuthandize kumvetsa chimene chikukuchedwetsa.

Malonda amenewa ali ndi mbiri. Amene anawatchukitsa ndi mphunzitsi wa ku America dzina lake Evelyn Wood, yemwe mu 1959 anatsegula sukulu yake ya Reading Dynamics mumzinda wa Washington, ndipo njira yoyendetsa dzanja patsamba kuti diso lizitsatira ndi imene iye ankaphunzitsa. Mbiri yake inawanda kwambiri m'nthawi ya pulezidenti John F. Kennedy, ndipo kuyambira pamenepo malonjezo akhala omwewo, asintha ndi ogulitsa okha. Choncho zimene akukugulitsa pa WhatsApp zadutsa zaka 60, ndipo nthawi imeneyi inali yokwanira kuti akatswiri aziyese mobwerezabwereza.

Tiyambe ndi diso, chifukwa lonjezo lonse latsamira pa diso. Munthu akamawerenga amamva ngati diso lake likuyenda mosalala pamzere monga madzi mumfuleni, koma sizili choncho. Kalekale m'zaka za m'ma 1870, dokotala wa maso wa ku Paris dzina lake Louis Émile Javal anafotokoza kuti diso limayenda modumphadumpha: limaima, n'kudumpha, n'kuimanso. Likaima limakhala pamalo amodzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a sekondi, ndipo ndi nthawi yokhayo imene limatola zilembo, chifukwa pamene likudumpha silitola kanthu kothandiza. Ungadzionere wekha zimenezi ukamupatsa mnzako pepala, iwe n'kukhala patsogolo pake kuyang'ana m'maso mwake pamene akuwerenga. Ine ndinkachititsa zimenezi m'kalasi, ndipo ana ankaseka kuona diso la mnzawo likunjanja ngati nkhuku yotola chimanga.

Chachiwiri n'chakuti malo a diso amene amaona zinthu momveka bwino ndi aang'ono kwambiri, pafupifupi kukula kwa chikhadabo cha chala chachikulu utatambasula mkono wako. Akatswiri amene anayeza owerenga Chingelezi ndi makina otsata diso anapeza kuti pa kuima kumodzi munthu amapindula ndi zilembo 3 kapena 4 kumanzere kwa pamene wayang'ana, ndi zilembo 14 kapena 15 kumanja, ndipo mwa zimenezo zimene amazizindikira mokwanira kuti adziwe liwu ndi pafupifupi 7 kapena 8 zokha. Umu ndi mmene diso linapangidwira, ndipo palibe maphunziro a milungu itatu amene angakulitse kachidutswa kameneka kuti kamezere mzere wonse, ndiye tsamba lonse n'kosayamba n'komwe.

Za kutchula mawu chamumtima, ogulitsawa amazitenga ngati chizolowezi choipa cha ana a kalasi yoyamba. Zoona zake n'zakuti kugwedeza milomo kapena kunong'ona pamene ukuwerenga kumachedwetsadi, ndipo ngati uli nako ungachite bwino kukusiya. Koma liwu lija lomveka m'mutu ndi nkhani ina. Ndi limene limagwirizira chiyambi cha chiganizo mpaka ufike kumapeto kwake, ndipo ziganizo za m'mabuku a Chipwitikizi, monga ukudziwa, zimatha kutenga mizere isanu mneni wake asanaoneke. Pamene ofufuza anasokoneza liwu limeneli dala, mwachitsanzo pouza anthu kuti azibwereza mawu ena ake pamene akuwerenga, kumvetsa kwa nkhani zovuta kunatsika. Kubwerera m'mbuyo nakonso si ulesi wa diso. Owerenga bwino amabwerera pafupifupi ka 10 mpaka 15 pa kudumpha 100 kulikonse, ndipo kawirikawiri amatero chifukwa ubongo waona kuti penapake pakhota.

Mu 2016 gulu la akatswiri asanu, amene mwa iwo munali Keith Rayner wa ku yunivesite ya California ku San Diego, yemwe anathera moyo wake pa kufufuza kayendedwe ka maso a owerenga, linasindikiza kuunika kwakukulu kwa kafukufuku wa zaka zambiri pa nkhani yomweyi. Zimene anapeza n'zakuti liwiro ndi kumvetsa zimakokanakokana: ukawonjezera liwiro kawiri kapena katatu, kumvetsa kumachepa, ndipo chimene chimathandizadi munthu kuwerenga msanga ndi kudziwa bwino chilankhulo, makamaka kuchuluka kwa mawu amene amawadziwa. Mu 2019 Marc Brysbaert wa ku yunivesite ya Ghent ku Belgium anasonkhanitsa kafukufuku 190 n'kupeza kuti munthu wamkulu wowerenga Chingelezi chamumtima amawerenga mawu pafupifupi 238 pa mphindi m'nkhani zophunzitsa, ndi 260 m'nkhani zopeka. Uyerekeze manambala amenewa ndi 1,000 amene akukulonjeza.

Tsopano ndifike pa iwe mwini. Wanena kuti Chipwitikizi unachipeza kusukulu, ndipo umenewu ndi moyo wa ana ambiri a kuno ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde. Si kuti nkhaniyi boma silinaione. Pakati pa 1993 ndi 1997 panali ntchito yoyeserera ya PEBIMO, imene inayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, ndiponso Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, poona kuti mwana wophunzira kuwerenga m'chilankhulo chimene sakuchimva amakhala akusenza akatundu awiri nthawi imodzi. Ambiri mwa ana athu mwayi umenewo sanaupeze. Iwe wafika kuyunivesite, zimene zikusonyeza kuti unalimbikira, koma Chipwitikizi cha pamsika ndi cha m'kalasi ya 12 sichofanana ndi cha m'buku la nthaka. Ndikukhulupirira kuti ukatenga pensulo n'kuika kadontho pansi pa liwu lililonse limene sukulidziwa bwino patsamba limodzi, upeza madontho oposa 10. Diso lako likaima nthawi yaitali pa mawu amenewo silikhala kuti latopa, limakhala likudikira ubongo umene ukufufuza tanthauzo. Kulikwapula diso kuti lithamange kuli ngati kukwapula ng'ombe pamene gudumu la ngolo ndi limene latitimira m'matope.

Anaphiri, mumzinda wa Tete

Moni achimwene a Maseko, ndipo ndikuthokoza aphunzitsi a Mbewe chifukwa cha kufotokoza kwawo. Ine ndine mmodzi mwa amene anaphunzirapo zimenezi, choncho ndilankhule monga wolawa. Ndimagwira ntchito ya ulembi muofesi ina kuno ku Tete, ndipo tsiku lililonse patebulo panga pamadutsa makalata, malipoti ndi mapangano a ntchito. Zaka zingapo zapitazo abwana anatitumiza kumaphunziro a masiku awiri, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo analipira ndi kampani. Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa zambiri, koma sindinganene kuti sindinatolepo kanthu.

Choyamba ndinene mmene ankatiyezera, chifukwa pamenepo ndi pamene pali chinyengo chimene ndinachizindikira pambuyo pake. Tsiku loyamba anatipatsa nkhani yovuta n'kutiuza kuti tiwerenge mosamala chifukwa pabwera mafunso, ndipo tonse tinawerenga mwamantha ngati tili pa mayeso. Tsiku lomaliza anatipatsa nkhani yosavuta yonena za ubwino wa kumwa madzi, mafunso ake akuti ngakhale munthu amene sanaone n'komwe pepalalo akanatha kuyankha. Kenako anatilembera pabolodi kuti liwiro lathu lakwera katatu ndipo kumvetsa kwathu sikunatsike. Tinaomba m'manja ndithu.

Chimene ndinapindula n'chakuti ndinaphunzira kuti si pepala lililonse limene liyenera kuwerengedwa kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza. Kusukulu tinaleredwa ndi mantha akuti kudumpha mzere ndi mlandu, moti ndinkawerenga ngakhale malonje a m'kalata ndi chidwi chofanana ndi chimene ndinkapereka pa mfundo yake. Lero ndikalandira lipoti la masamba 40, ndimayamba ndayang'ana mitu yake, ndime yoyamba ndi yomaliza, matebulo ndi manambala, ndipo m'mphindi 5 ndimadziwa ngati lipotilo likundikhudza, ndiponso masamba amene ndiyenera kukhala nawo pansi. Luso limeneli ndi lenileni ndipo limandipulumutsira maola ambiri pa mlungu. Koma dzina lake loona ndi kusanthula kapena kuyendetsa maso pofunafuna chinthu, monga mmene mayi amayendera mumsika wa Kwachena akudziwa kuti akufuna tomato yekha. Amadutsa mabenchi ambiri mofulumira, koma mukamufunsa mtengo wa anyezi sangakuuzeni.

Tsiku limene ndinasokoneza kusanthula ndi kuwerenga ndinalapa. Inabwera kalata ya masamba atatu yotipempha kupereka zikalata zina pasanathe masiku 10. Ine ndinayendetsa chala monga anatiphunzitsira, diso linagwira nambala 10 ndi liwu lakuti dias, ndipo mutu wanga unamalizitsa wokha kuti dias úteis, kutanthauza masiku a ntchito, chifukwa makalata ambiri amtunduwo amalembedwa choncho. Koma pepalalo linali litalembedwa kuti dias de calendário, kutanthauza kuti Loweruka ndi Lamulungu akuwerengedwa. Ndinanyamula envelopu yanga n'kuwoloka mlatho wa Samora Machel dzuwa likuswa mtengo, ndikudziona ngati ndafulumira, koma mlembi wa kumeneko anangotembenuza kalata ija n'kundilozera mzerewo ndi cholembera, osanena kanthu. Tinali titachedwa ndi masiku awiri. Sindinachotsedwe ntchito, koma manyazi a tsiku limenelo ndikuwakumbukirabe.

Choncho kwa inu a Maseko ndinganene kuti kusanthula muphunzire, chifukwa mafotokopi onsewo sali ndi kulemera kofanana, koma simufunikira kulipira meticais 1,500 kuti muchidziwe. Ndiwonjezerenso kanthu kena kamene aphunzitsi sanakatchule: ngati mutu umakupwetekani mukawerenga kwa theka la ola, kapena zilembo zimaoneka ngati zikusakanikirana, kayezetseni maso kuchipatala, chifukwa mnzanga wina wa muofesi ankadziyesa wochedwa kuwerenga pomwe vuto linali losowa magalasi.

Jere, Moatize

Ndikupempha kuti ndisiyane nanu pang'ono, akuluakulu, mwaulemu wonse. Ine ndimagwira ntchito mosinthana usiku ndi usana, ndipo nthawi yokhayo imene ndimapeza yowerenga ndi m'basi popita ndi pobwera kuntchito. Ndinaika pafoni pulogalamu imene imaonetsa liwu limodzi limodzi pakati pa sikirini, liwu lililonse n'kuzimiririka lina n'kubwera pomwepo, moti diso silifunikanso kuyenda. Ndinayamba ndi mawu 250 pa mphindi, ndipo patapita miyezi itatu ndafika pa 500. Nkhani za mpira ndi za m'manyuzipepala ndimazimva bwinobwino, ndipo anzanga akandifunsa zimene ndawerenga ndimawafotokozera. Ngati diso limataya nthawi podumpha, monga aphunzitsi a Mbewe afotokozera, ndiye kuti njira imene yachotsa kudumphako yathetsa vutolo. Mwina zimene ofufuza anapeza zinali zoona pa nthawi ya mapepala, koma foni yasintha zinthu. Sindikunena kuti a Maseko alipire ndalama, chifukwa mapulogalamu otere ena ndi aulere, amangofuna ma mega ochepa, koma ndikuona kuti tikuchepsa chinthu chimene ine chikundithandiza.

Mbewe, mphunzitsi wopuma, Dómuè

Mwana wanga Jere, sindikukayika kuti zimene wanena ndi zimene ukukumana nazo, ndipo kuwerenga m'basi pambuyo pa ntchito ya usiku ndi chinthu choyamikika. Koma taona mtundu wa nkhani zimene watchula. Nkhani ya mpira umayamba kuiwerenga ukudziwa kale matimu, osewera, malamulo a masewerawo ndiponso mwina zigoli zimene unamva pawailesi, moti pa mawu 10 alionse, 7 ukanatha kuwalosera. Pamenepo liwiro silikuchokera mufoni, likuchokera m'zimene uli nazo kale m'mutu. Ndikukupempha kuti tsiku lina uike m'pulogalamuyo malamulo a chitetezo cha pa ntchito amene sunawawerengepo, kapena pangano la ngongole ya kubanki, pa liwiro lomwelo la 500, kenako wina akufunse mafunso a tsatanetsatane.

Njira yoonetsa liwu limodzi limodzi si yatsopano kwa ofufuza, ankaigwiritsa ntchito m'malabotale foni zamakono zisanabwere, ndipo inatchuka kwa anthu wamba mu 2014 pamene kampani ya Spritz inaitulutsa. Chaka chomwecho Elizabeth Schotter, Randy Tran ndi Keith Rayner anachita kafukufuku amene ankaphimba liwu lililonse munthu akangolidutsa, kuti ngakhale abwerere m'mbuyo asapezenso kanthu, ndipo kumvetsa kwa owerengawo kunatsika, osati pa ziganizo zosokoneza zokha. Pulogalamu yako ikuchita zomwezo: yachotsa kudumpha kwa diso, koma yakulandanso ufulu wobwerera ndiponso ufulu woima nthawi yaitali pa liwu lovuta. Nthawi yambiri ya kuwerenga siithera m'kudumpha, imathera m'kuima, ndipo kutalika kwa kuimako kumalamulidwa ndi ubongo.

Pali chinthu china chimene ife olankhula Chichewa tiyenera kuchenjera nacho tikamamva manambala a mawu pa mphindi. Manambala amenewa anayezedwa makamaka m'Chingelezi, chimene chili ndi timawu tambiri tatifupi. Chichewa chimamanga chiganizo chathunthu m'liwu limodzi. Tenga liwu lakuti sitidzaonananso: ndi liwu limodzi la zilembo 15, lodzaza malo onse amene diso limapindula nawo kumanja, pomwe m'Chipwitikizi ungalembe kuti não nos voltaremos a ver, amene ndi mawu 5. Ndiye munthu wowerenga Chichewa pa mawu 150 pa mphindi angakhale akutola nkhani yochuluka kuposa wowerenga Chipwitikizi pa mawu 200, ndipo wogulitsa amene sakufunsa kuti uwerenga chilankhulo chanji sakudziwa chimene akuyeza. Taonanso kuti m'liwu lomwelo ukangophonya zilembo ziwiri zoyambirira umatsala ndi tidzaonananso, ndipo kutsanzikana kwa anthu osadzakumananso kwasanduka lonjezo lokumana. Zimene zinawachitikira Anaphiri ndi zamtundu womwewu.

Maseko, m'malo mokhulupirira ine kapena Jere, dziyese wekha. Sankha masamba awiri a m'Chipwitikizi otalika mofanana, lina la nkhani imene umaidziwa kuyambira kumudzi, lina la phunziro limene likukuvuta. Mnzako awerenge kaye n'kulemba mafunso 10 pa tsamba lililonse, mafunso oti munthu sangayankhe popanda kuwerenga. Iwe uwerenge monga mwa masiku onse, wotchi ya pafoni ikuyenda, ndipo tsiku lina uchite zomwezo ndi masamba ena awiri uku ukuthamangitsa chala monga chilengezo chija chikunenera. Udzatiuze zimene upeze.

Maseko wa ku Ulóngwè

Ndikuthokoza nonse, makamaka aphunzitsi a Mbewe ndi Anaphiri. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkafuna ndiyambe ndachita zimene munandiuza, ndipo mnzanga amene timagona chipinda chimodzi anavomera kulemba mafunso.

Tsamba loyamba linali lonena za chiwawu cha mbatatesi, matenda amene m'buku amawatcha míldio, oyambitsidwa ndi Phytophthora infestans. Linali ndi mawu pafupifupi 420 ndipo ndinalimaliza m'mphindi zosakwana ziwiri, mafunso ndinakhoza 9 mwa 10. Ndinadabwa ndekha, chifukwa sindinkadziwa kuti ndingawerenge Chipwitikizi cha sayansi mofulumira chotero. Koma pamene bukulo linkafotokoza za madontho akuda pamasamba ndi nkhungu yoyera kunsi kwa tsamba m'nyengo ya chinyezi ndi kuzizira, ine ndinkaona munda wa mayi anga m'mwezi wa Febuluwale, ndipo mawuwo ankangogwera pamalo amene anali okonzeka kale. Tsamba lachiwiri linali la capacidade de troca catiónica, kutanthauza mphamvu ya nthaka yogwirira michere ina ya mbewu. Limeneli linanditengera mphindi 5 ndi theka, ndinakhoza mafunso 6, ndipo madontho a pensulo ndinawerenga 13.

Tsiku lotsatira ndinathamangitsa chala pa masamba ena awiri, lililonse mphindi imodzi. Pa tsamba la matenda a mbewu ndinakhoza 6, koma mnzangayo anaona kuti awiri mwa amenewo ndinayankha kuchokera ku zimene ndinkadziwa kale. Pa tsamba la nthaka ndinakhoza 2. Chimene chinandichititsa mantha n'chakuti pa tsamba la matenda panali chiganizo chonena za masiku amene ayenera kudutsa pakati pa kupopera mankhwala ndi kukolola, ndipo ine nambalayo ndinaiona koma ndinaitenga ngati masiku a pakati pa kupopera koyamba ndi kwachiwiri. Tikadzamaliza maphunziro ano alimi azidzatifunsa zinthu ngati zimenezi.

Ndalama ija sindipempha, ndipo mbatatesi ya mbewu ikhala pamene ili. Ndatenga kope lakale n'kuyamba kulembamo mawu onse amene ndaika madontho, tanthauzo lake m'Chipwitikizi chosavuta kumanzere ndi m'Chichewa kumanja pamene zikutheka, ngakhale kuti ena monga catião ndalephera kuwapezera liwu la kwathu. A Jere, pulogalamu yanu ndiiyesa pa nkhani za m'nyuzipepala, koma pa mafotokopi ayi.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa Anaphiri. Mwanena kuti mumayamba ndi mitu, ndime yoyamba ndi yomaliza. Nanga mumatani ngati zimene muli nazo ndi mafotokopi a pakati pa buku, opanda tsamba la zamkatimu, ena mitu yake itadulidwa ndi makina, monga zilili ndi ambiri mwa amene ndili nawo?

Anaphiri, mumzinda wa Tete

Zimenezo ndimakumana nazo kawirikawiri, achimwene, chifukwa zikalata zambiri zimatifika zitafotokopedwa kachitatu. Ndimayamba ndaika manambala a masamba ndi pensulo kuti mulu usasokonezeke, kenako ndimawerenga chiganizo choyamba chokha cha ndime iliyonse n'kulemba m'mbali mawu awiri kapena atatu onena zimene ndimeyo ikukamba, moti ndikafika kumapeto ndimakhala nditadzipangira ndekha mitu imene makina anadula. Ndimayang'ananso mawu olembedwa mokuza kapena mopendeketsa, mawu a pansi pa zithunzi ndi matebulo, ndiponso timawu tosonyeza kuti wolemba akutembenuka, monga porém, salvo ndi excepto, timene ndimatizunguliza nthawi yomweyo. Kwa inu pali njira inanso imene ine ndilibe: pemphani aphunzitsi anu ndondomeko ya phunzirolo ndi mafunso a mayeso a zaka zapitazi, muwawerenge musanatsegule mafotokopi, kuti mudziwe ndime zimene muyenera kukhala nazo pansi. Ngati bukulo lili mulaibulale ya pasukulu panu, pitani mukajambule ndi foni tsamba la zamkatimu ndi la mawu a kumapeto, masamba atatu kapena anayi okha, muwaike pamwamba pa mulu wanu.